Usilikali si kothawira ana amene sukulu yawakanika

Pa Sondo lina titacoka m'tchalitchi, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyembekezera msonkhano wa makolo. Mai ena, amene ndiwalemekeza kwambiri cifukwa alera ana asanu okha popanda mwamuna, anayamba kudandaula za mwana wao wacitatu. Anati, "Aphunzitsi, uyu mnyamata mabuku safuna, masamu anafeluka. Koma thupi ali nalo. Angopita ku usoja. Kuja safuna nzeru, afuna mphamvu cabe." Amene analipo anaseka, ena anavomereza ndi mutu. Mai aja anaonjeza kuti pali munthu wina wa ku tauni amene walonjeza kuti adzalowetsa dzina la mnyamatayo pa mndandanda, koma afuna ndalama, ndipo iwo aganiza zogulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene alimira.

Ine sindinaseke. Mau amenewa ndawamva kambiri m'midzi mwathu, ndipo ndiona kuti atipweteka pawiri. Atinamiza za nchito ya usilikali, ndiponso atsegulira khomo akuba. Ndalemba kalata ino kwa inu makolo anzanga ndi kwa anyamata ndi atsikana amene mtima wao uli pa yunifomu.

Tiyambe ndi nchitoyo. Gulu la citetezo ca dziko la Zambia lili ndi nthambi zitatu: Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service. Polowa pali makomo awiri. Ena alowa ngati asilikali wamba, ena alowa kukaphunzira utsogoleri kuti akhale maofisala. Makomo onse awiri masiku ano afuna satifiketi ya Grade 12 ndi regi yobiriwira, ndipo khomo la maofisala ndilo lopapatiza kwambiri cifukwa liyang'ana Cizungu, masamu ndi sayansi. Nthawi imene munthu anali kulembedwa usoja cifukwa ca kutalika ndi cifuwa cacikulu inapita ndi azigogo athu.

Ndipo akalowa, sukulu sikuti yatha. Ku Kabwe kuli malo akulu ophunzitsirako asilikali ndi maofisala. Ku Lusaka kuli koleji yochedwa Defence Services Command and Staff College, kumene maofisala amene agwira kale nchito zaka zambiri abwerera pa desiki kukawerenga, kulemba ndi kulemba mayeso. Msilikali safika pa udindo wa sajeni cifukwa ca kudziwa kuguba cabe, apita ku makosi ndipo ayesedwa. M'kati mwa gulu lomwelo muli anamwino, madokotala, amakanika, omanga maulalo, a mawailesi, ophika, oweruza milandu, abusa ndi ansembe, ndi oyendetsa ndeke, amuna ndi akazi omwe. Mzambia woyamba kutsogolera Zambia Army, General Kingsley Chinkuli, anapatsidwa udindowo mu 1970 atacita maphunziro ku Sandhurst ku Britain. Sanamusankhe cifukwa ca kuthamanga.

Nanga aphunzira ciani kweni-kweni anthu amenewa? Ambiri tiganiza kuti nzeru za nkhondo ndi kudziwa kuombera mfuti. Kuombera aphunzira m'milungu yowerengeka. Cimene citenga moyo wonse ndi kudziwa nthawi yomenya, malo omenyerapo, zimene uli nazo m'manja, zimene mdani ali nazo, ndiponso ngati nkhondoyo ndi yoyenera kuiyamba n'komwe. Mlimi aliyense adziwa kale mbali ina ya zimenezi. Simubzala pa mvula yoyamba yonamiza. Simudya mbeu. Musanalembe aganyu makumi awiri muyamba mwayang'ana m'nkhokwe.

Tiwerengere pamodzi. Tinene kuti gulu lili ndi asilikali 800 ndipo lili kuthengo kutali ndi tauni. Ngati munthu aliyense adya theka la kilo ya unga patsiku, ndiye kuti pafunika makilo 400, kapena kuti matumba 16 a makilo 25, tsiku lililonse. Pa mwezi ndi matumba 480. Ngati aliyense afuna malita asanu a madzi, ndi madilamu 20 patsiku, osawerengera osamba. Tsono onjezani ndiwo, mcere, mankhwala a malungo, dizilo, matayala, zipolopolo ndi nsapato. Kenaka mvula igwe, dambo lidzale, lole ititimire. Ofisala amene sanawerengere zimenezi wagonja asanaone mdani. Ndiye mundiuze, mwana amene anathawa masamu adzazitha bwanji?

Mbiri yathu yomwe itiphunzitsa zimenezi, sitifunika kupita kutali. Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835 motsogoleredwa ndi Zwangendaba, ndipo kwa zaka zambiri panalibe wolimbana nao pa bwalo. Anali ndi magulu a nkhondo oikidwa mwa misinkhu, anali ndi mwambo wolimba, mkondo waufupi ndi cishango, ndiponso njira yozinga mdani mbali zonse. Imeneyi inali nzeru ya nkhondo yeni-yeni, yoganiziridwa bwino, ndipo inagwira nchito. Koma mu January 1898 kunabwera mdani wa mtundu wina. Asilikali a Angerezi anacokera ku Nyasaland ndi mfuti za ciwaya za Maxim ndi mizinga, cifukwa azungu a kampani anakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera anyamata. Kulimba mtima kunalipo, palibe angakane. Koma njira yothamangira mdani muli cigulu pa malo oyera, imene inapambana nkhondo zambiri, ndiyo imene ciwaya cinapangidwira. M'masiku owerengeka nkhondo inatha, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi-zikwi zinatengedwa, ndipo Nsingo anaphedwa mu February caka comweco.

Sindinena izi monyoza. Pa Nc'wala ku Mtenguleni timkumbukira Nsingo ndi ulemu, ndipo ayenera. Koma mnyamata wa ku Feni amene afuna kukhala ofisala ayenera kukhala pansi ndi kudzifunsa mafunso ovuta. Kodi Angoni anadziwa ciani za ciwaya nkhondo isanayambe? Kodi akanabalalika m'mapiri, namenya usiku, natseka njira ya cakudya ca adani m'nyengo ija ya mvula, zikanatha cimodzi-modzi? Kapena ng'ombe ndi minda yosakhwima zinawamanga pamalo amodzi? Mafunso otere ndiwo maphunziro a nkhondo. Alibe yankho limodzi, ndipo safuna minofu.

Patapita zaka makumi awiri, dziko lino linaona njira inayo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anadziwa kuti sangapambane pa nkhondo ya maso ndi maso. Colinga cake cinali kucedwetsa ndi kutopetsa adani ambiri-mbiri kuti asapite kukathandiza ku Ulaya. Anayenda kucokera ku Tanganyika, nalowa ku Mozambique mu 1917, nabwerera, nalowa m'dziko lino mpaka kulanda Kasama mu November 1918. Uthenga wakuti nkhondo yatha unamupeza pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November, ali ndi asilikali osakwana 1,500. Mabuku ambiri a ku Ulaya amutamanda ngati katswiri. Ine ndikawerenga nkhani yake ndiganiza za ena: amtengatenga, azigogo athu amene anagwidwa m'midzi ndi mbali zonse ziwiri kuti asenze katundu pamutu, nafa ndi njala ndi matenda m'njira, ndi nkhokwe zimene zinakokoledwa kuti asilikali adye. Nzeru ya mkulu wa nkhondo inalipiridwa ndi mlimi. Nthawi zambiri ndi mmene zikhalira, ndipo n'cifukwa cake ndifuna kuti pakati pa maofisala athu pakhale ana a alimi ambiri, anthu odziwa kuti nkhokwe ikapsa banja lidya ciani.

Amene muli ndi imvi mukumbukira za 1978 ndi 1979. Ndeke za asilikali a Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu October 1978. Caka cotsatira anasintha njira. Anaphulitsa ulalo wa Chambeshi, pamene padutsa njanji ya TAZARA ndi mseu wa kumpoto, kenaka maulalo ena, kuphatikizapo wa Chongwe pa mseu wathu wa kum'mawa. Sanafune kulanda dziko la Zambia. Anafuna kuti cimanga, fataleza ndi mafuta zisalowe, mkuwa usatuluke, kuti boma la a Kaunda lifooke ndi kukakamiza omenyera ufulu a Zimbabwe pa zokambirana za ku London. Ulalo umodzi unali ndi phindu kuposa asilikali cikwi. Amene anakonza zimenezi anali atawerenga mapu athu bwino-bwino. Funso langa ndi lakuti, kodi ana athu awerenga mapu a dziko lao ndi maso otere?

Ndipo ife a ku Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba tili ndi zathu zokumbukira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire, kupha anthu, kuba ng'ombe ndi kutentha midzi. Mabanja anali kugona kuthengo, minda ya m'malire inasiyidwa. Pamenepo palibe anafunsa ngati dziko lifunika asilikali. Tinali kufunsa kuti afika liti, ndipo adziwa njira zimene adaniwo adzera? Msilikali amene anathandiza kwambiri masiku amenewo ndi amene anadziwa kukhala pansi ndi anyakwawa ndi kumvetsera, cifukwa anthu a pamudzi ndiwo anali kudziwa phazi lacilendo.

Ndidziwa kuti ena a inu mutsutsa. Mkulu wina wa mpingo anandiuza kuti kuphunzira nkhondo ndi kuitana nkhondo, ndipo Mkhristu ayenera kuphunzitsa mwana wake khasu, osati mfuti. Mau ao ali ndi kulemera, sindiwataya. Nkhondo ndi cinthu conyansa, ndipo amene aikonda sanaione. Koma onani pamene tikhala. Tili ndi maiko asanu ndi atatu otizungulira, ndipo Angola, Congo, Mozambique, Zimbabwe ndi Namibia onse anaona nkhondo m'moyo wathu uno. Ife kuyambira 1964 sitinakhalepo ndi nkhondo yaikulu ya tokha-tokha. Mbali ina ndi cisomo, mbali ina ndi cifukwa cakuti panali anthu, a yunifomu ndi opanda yunifomu, amene anadziwa nthawi yoletsa dzanja. Ngakhale mabuku akale a nkhondo amene maofisala awerenga, monga la Sun Tzu wa ku China ndi la Clausewitz wa ku Prussia limene linatuluka mu 1832, atha masamba ambiri pa kuyeza mtengo wa nkhondo ndi colinga cake. Kaputula wosaphunzira ndiye athamangira kuombera. Yohane Mbatizi naye asilikali atamufunsa zocita sanawauze kuti avule yunifomu, anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa.

Pali cina cimene maphunziro acita, cimene ticiiwala. Msilikali wophunzira adziwa kuti mfuti imene ali nayo si yake, ndi ya dziko, ndipo dziko lisankha atsogoleri ake ndi voti. Tinamva mau a Mwamba Luchembe pa wailesi m'mawa wa 30 June 1990. Tinamva a Captain Solo pa 28 October 1997. Kawiri konse zinatha m'maola owerengeka, cifukwa asilikali ambiri ndi akulu ao anakana kutsatira. Taona maboma akusintha mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, asilikali ali phee m'mabalaki. Yang'anani maiko ena a mu Africa muno kumene akulu a asilikali alanda boma ngati kulanda mpando pa maliro, ndipo mudzaona kuti ici si cinthu cacing'ono. Cimeneci ciphunzitsidwa, sicibadwa ndi munthu.

Tsopano kwa inu anyamata ndi atsikana. Muona msilikali wabwera pa chuti, nsapato ikuwala, wagula malata a nyumba ya amai ake, ndipo mtima uti dyoko-dyoko. Si zolakwa kufuna malipiro a pamwezi, masiku ano nchito ndi yosowa. Koma walira mvula walira matope. Mudzadzutsidwa usiku, mudzalamulidwa ndi munthu wamng'ono kwa inu, mudzatumizidwa kumene simunasankhe, ndipo maliro ena a kwanu mudzawamva pa foni. Mu May 2000 asilikali athu opitirira 200, amene anali atangofika kumene ku Sierra Leone kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, anagwidwa ndi zigawenga za RUF panjira yopita ku Makeni, nalandidwa zida ndi magalimoto. Anamasulidwa patapita milungu kudzera ku Liberia. Anali m'dziko lacilendo, m'nkhalango imene sanaidziwe, pakati pa anthu amene cinenero cao sanacimve. Kuyambira 2015 asilikali athu akhala akutumikira ku Central African Republic, ku dera la Birao, ndipo si onse amene anapitako anabwera akuyenda ndi miyendo yao. Amene asaina pepala la usilikali asainira ndi zimenezi zomwe.

Mukadutsa pa Gondar Barracks ku Chipata, kodi munadzifunsapo kuti dzinalo licokera kuti? Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonja mu November 1941. Tug Argan ya ku Ndola ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland, kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo mu August 1940. Arakan ya ku Lusaka, Chindwin ya ku Kabwe ndi Kalewa ya ku Ndola ndi maina a ku Burma. Anyamata a m'midzi yathu yomwe ino anafika kumeneko pa sitima za pamadzi, ena mafupa ao ali komweko. Anamenya nkhondo ya eni, motsogoleredwa ndi eni, ndipo panalibe amene anawafunsa maganizo cifukwa khomo la maofisala linali lotseka kwa munthu wakuda. Lero khomolo ndi lotseguka. Cingakhale camanyazi ngati ife makolo tilitseka tokha pouza ana kuti kumeneko sikufunika mutu.

Alimi anzanga, nchito ya asilikali itikhudza ngakhale pa mtendere. Pamene mbozi zinagwa m'cimanga kumapeto kwa 2016, ndeke za Air Force ndizo zinanyamula mankhwala kupita m'zigawo. Pa kolera wa ku Lusaka kuciyambi kwa 2018, asilikali ndiwo anatsogolera kuyeretsa misika ndi ngalande. A National Service alima minda yaikulu ndi kukonza miseu ya kumidzi, ndipo pa cilala ca 2024 anapatsidwa nchito yolima cimanga cothirira. Mwana wodziwa thirakitala, nthaka ndi masamu ali ndi malo kumeneko. Koma ndinene cimodzi: ngati tifika poitana asilikali pa vuto lililonse, ngakhale kutola zinyalala, ndiye kuti ena amene alipidwa kucita nchitozo agona. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndibwerere kwa munthu uja wa ku tauni wofuna ndalama. Kulembedwa usilikali sikugulidwa. Nthawi yolemba ikafika, cilengezo cituluka poyera, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo akulu a asilikali acenjeza kambiri kuti palibe colipira. Amene akuuzani kuti tumizani ndalama pa foni kuti dzina lilowe, ndi wakuba, ngakhale atavala cisoti ca mtundu wanji. Ndidziwa banja lina kufupi ndi kwathu limene linagulitsa matumba a nshawa a caka conse, mnyamata nakwera basi ndi kalata yacinyengo m'thumba, nakabwezedwa pa geti. Anacita manyazi kubwera kumudzi, anakhala miyezi ku komboni kwa msuweni wake. Safunsa anadya phula. Pitani kwa a DC, funsani kwa msilikali wopuma amene mupemphera naye, kapena kwa ahedi a sukulu, musanamasule cingwe ca ng'ombe.

Koma akuba amenewa apeza malo cifukwa anthu ambiri akhulupirira kuti popanda wacibale wamkulu mwana wa mlimi sangalowe. Kaya ndi zoona kaya ndi mphekesera, cikhulupiriro cimeneci ndi coopsa, ndipo amene angacithetse ndi boma. Ofunsira acuruka kwambiri kuposa malo, tidziwa. Cifukwa cake kusankha kuyenera kucitikira poyera, m'maboma onse, maina a osankhidwa aikidwe pa bolodi pamene aliyense angawerenge, ndipo mwana wa ku Vubwi kapena ku Chama akhale ndi mwai wofanana ndi wa ku Kabulonga. Gulu la asilikali limene licokera m'mabanja owerengeka si la dziko lonse. Aphungu athu afunse mafunso amenewa ku nyumba ya malamulo m'malo moyembekezera nthawi ya kampeni.

Masukulu athu nawonso angathandize. Mbiri ya Nsingo, ya amtengatenga ndi ya maulalo a 1979 iphunzitsidwe ngati nkhani yofuna kuganiza, ana atsutsane, ajambule mapu, awerengere matumba a unga. Ndinayesapo zimenezi ndi ana a Grade 9 pamene ndinali kuphunzitsa. Ndinawagawa pawiri, ena Angoni ena Angerezi, ndi mapu ojambula pa bolodi. Amene anapambana onse anali kamtsikana kacete ka kumbuyo, kamene kanafunsa kuti, "Nanga ng'ombe tizibisa kuti tisanayambe?" Anyamata amphamvu onse anali atathamangira kutsogolo.

Mai aja ndinawaperekeza mpaka pa mphambano tsiku lija. Ndinawapempha kuti ng'ombe aisiye m'khola ndipo nambala ya munthu wa ku tauni aipereke ku polisi. Za polisi anakana, anati aopa. Za ng'ombe anavomera. Mnyamatayo ndinamuitana kunyumba, ndinamufunsa ngati usilikali aufunadi iye mwini kapena ndi amai ake amene atopa naye. Anati aufuna kuyambira ali mwana. Ndinamupatsa funso la asilikali 800 lija kuti awerengere matumba a miyezi itatu, ndipo linamutengera madzulo onse, koma analipeza. Walembetsa kuti alembenso masamu pa mayeso a GCE, ndipo abwera kwanga Laciwiri ndi Lacinai akaweruka kudimba.